Musagule thanki ndi ma shrimp tsiku limodzi

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi anzathu a mu Blantyre muno amene ayamba kuweta ma shrimp a m'madzi opanda mchere, tinkhanu tating'ono tofiira, tachikasu kapena tabuluu tija timasungidwa m'mathanki agalasi m'nyumba. Dandaulo lomwe likumveka kwa ambiri ndi limodzimodzi. Munthu wagula thanki Loweruka, wathira madzi a pampopi, waikamo ma shrimp 20 madzulo omwewo, ndipo sabata isanathe wayamba kuvuula akufa m'mawa uliwonse. Ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa odwala. Nthawi zina zimatero ndithu, koma kawirikawiri yawapha ndi thanki yomweyo, chifukwa inali isanakhwime. Kuchokera tsiku lothira madzi kufika tsiku loika ma shrimp payenera kudutsa masabata 6 mpaka 10, ndipo pali ntchito yoti ichitike m'masabata amenewo.

Woyamba kumene agule mtundu wa Neocaridina davidi, umene ogulitsa amautchula cherry shrimp. Kwawo ndi ku China ndi ku Taiwan, amakula kufika masentimita 3 kapena kuposerapo pang'ono, amakhala ndi moyo chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo sasankha madzi kwambiri. Ena aja okongola a mizere yofiira ndi yoyera, otchedwa crystal red, ndi a gulu la Caridina. Amenewo amafuna madzi a pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) ya pakati pa 5.5 ndi 6.5 okhala ndi mchere wochepa zedi, ndiye popanda makina osefera madzi a RO, amene amachotsa mchere wosungunuka m'madzi, ndi dothi lapadera logula, ndalama zanu mungotaya. A mtundu wa Amano, amene anatchuka chifukwa cha Takashi Amano wa ku Japan, ndi olimba ndipo amadya ndere kwambiri, koma sangachulukane m'thanki yanu poti ana awo amakulira m'madzi a mchere. Musasakanizenso ma cherry osiyana maonekedwe. Ofiira akaswana ndi abuluu, zidzukulu zawo zimabwerera ku kutuwa kwa akutchire.

Thanki isachepere malita 30, ndipo ya malita 40 kapena 45 ndiye yabwino poyambira. Timathanki ta malita 10 timakopa chifukwa n'totsika mtengo, koma madzi ochepa amatentha msanga masana, amazizira msanga usiku, ndipo kachakudya kamodzi kowola kamawaipitsa onse. Kuti mudziwe malita, chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, mugawe ndi 1,000. Ya masentimita 50 mulitali, 30 mulifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 45, ndipo ikadzaza pamodzi ndi mchenga imalemera makilogalamu oposa 50, choncho pokhazikapo pakhale polimba ndi posapendekeka. Amene mukukadulitsa magalasi kuti mumate nokha, galasi la mamilimita 6 n'lokwanira pa msinkhu umenewu, koma werengani bwino chubu cha silikoni. Silikoni wa kubafa ndi kukhitchini amakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo mankhwalawo amatulukira m'madzi pang'onopang'ono kwa miyezi. Wofunika ndi wolembedwa kuti ndi wa mathanki a nsomba, ndipo aume sabata yathunthu musanathire madzi. Thankiyo ikhale kutali ndi zenera lolowa dzuwa, kutali ndi khitchini, ndiponso isakhale kuchipinda chogona komwe mumapoperako mankhwala a udzudzu.

Pansi yalani mchenga kapena timiyala ting'onoting'ono masentimita 2 kapena 3, mutatsuka ndi madzi okha mpaka azituluka oyera. Mchenga wa mu Mudi, mu Naperi kapena mumtsinje wa Limbe ayi, poti mitsinje imeneyi imalandira zonyansa za m'tauni zimene kutsuka sikungachotse zonse. Mwala uliwonse muudonthezere viniga. Ukachita thovu ndiye kuti ndi wa laimu, ndipo uzikweza mchere wa m'madzi mosalekeza. Zomera zenizeni n'zofunika kuposa zokongoletsa zapulasitiki. Java moss, Anubias ndi Java fern zimakula popanda feteleza, pa kuwala kwa nyale kwa maola 6 mpaka 8 patsiku, ndipo m'kati mwa moss ndi momwe ana amabisala ndi kudya. Zomera zozula kudambo zimabwera ndi ana a tombolombo, amene amakhala m'madzi miyezi yambiri akusaka, ndipo mmodzi yekha angamalize ana onse a shrimp inu osamuona. Zochokera kunja nazo nthawi zambiri zimakhala zitamizidwa m'mankhwala ophera nkhono ndi tizilombo. Zonsezi ziyambe zakhala m'ndowa yapadera masabata awiri, mukuzisinthira madzi masiku awiri aliwonse.

Fyuluta yoyenera ndi ya siponji, yoyendetsedwa ndi kapampu ka mpweya. Siimeza ana, amene amabadwa osaposa mamilimita 2, ndipo pamwamba pake pamamera chakudya chomwe ma shrimp amatola tsiku lonse. Chachikulu kwa ife kuno n'chakuti magetsi akathima siponji imakhalabe m'kati mwa madzi a m'thanki, pomwe fyuluta yotsekeka ya kunja imatha mpweya m'maola ochepa, mabakiteriya ake n'kuyamba kufa, ndipo magetsi akabwera imalavulira madzi onunkha m'thanki. Ngati muli kale ndi fyuluta yokoka madzi, vekani kasiponji kukamwa kwake. Pampu ikhale pamwamba kuposa madzi, kapena pa kapaipi muikepo kavalavu koletsa madzi kubwerera. Kupanda apo, magetsi akathima madzi amatsika ndi kapaipiko mpaka kunyowetsa pampu ndi pansi pomwe.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Chilichonse chowola m'thanki, kaya ndi ndowe, chakudya chotsala kapena tsamba, chimatulutsa amoniya, ndipo amoniya ndi poizoni. M'thanki yokhwima muli mabakiteriya omata pa siponji, pa mchenga ndi pa magalasi. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso amapha, ndipo gulu lina, makamaka a Nitrospira, limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe savulaza akakhala wochepa ndipo zomera zimamudya. M'thanki yatsopano mabakiteriya amenewa amakhala ochepa kwambiri, ndipo amaswana mochedwa. Kuti chiwerengero chawo chiwirikize kawiri pamapita pafupifupi tsiku lathunthu, pamene mabakiteriya owoletsa zinthu amatero ola lisanathe. Ndiye poizoni amapangidwa msanga, womuchotsa n'kumabwera m'mbuyo. Amoniya ndi nitrite saoneka ndi maso, ndipo pamlingo umene amaphera shrimp sanunkha n'komwe. Madzi angaoneke mbee koma ali akupha.

Chochita n'chotere. Dzazani thanki ndi madzi ochotsedwa klorini, yatsani fyuluta usiku ndi usana, dzalani zomera, ndipo masiku awiri aliwonse muziponyamo chakudya cha nsomba chongotsina ndi zala ziwiri ngakhale mulibe chodya. Chikamawola ndiye chikudyetsa mabakiteriya. Amene mwapeza ammonium chloride wa m'botolo, mankhwala opereka amoniya, thirani mpaka choyezera amoniya chionetse mamiligalamu 2 pa lita, osapitirira. Usipa kapena matemba a pamsika musawagwiritse ntchito imeneyi, poti nsomba zouma nthawi zina zimathiridwa mankhwala oziteteza ku tizilombo. Sabata yoyamba amoniya amakwera ndipo madzi angachite mbuu. Musawasinthe, zimatha zokha. Cha m'sabata yachiwiri nitrite amayamba kuoneka, amakwera kwambiri m'sabata yachitatu ndi yachinayi, kenako amagwa mwadzidzidzi, nitrate n'kumakwera. Apa ndi pomwe ambiri amataya mtima, poona kuti nitrite wakakamira masiku 10 kapena kuposa osatsika. Ndi mmene zimakhalira, ndipo kutsuka thanki yonse panthawi imeneyi n'kubwerera poyambira. M'miyezi yotentha zonsezi zimatha m'masabata 4 kapena 5. Mu June ndi July, chiperoni chikagwira, zingatenge masabata 8, pokhapokha mutaika hita kuti madzi akhale pa madigiri 25 mpaka 27.

Chofulumizitsa chodalirika ndi siponji yakale ya m'thanki yokhwima ya mnzanu, yopanda matenda. Aifinyire m'kachidebe ka madzi a m'thanki yake, ndipo madzi abulauni amenewo mukathire pa siponji yanu tsiku lomwelo. Zili ngati chambiko chadzulo chimene amathira mumkaka watsopano kuti ugwire msanga. Madzi oyera ongotunga m'thanki yakale sathandiza kwenikweni, chifukwa mabakiteriyawa sayandama, amamata pa zinthu. Ngakhale mwatero, yezanibe. Zoyezera za timabotolo todontheza n'zodalirika kuposa timapepala toviika, ndipo poti n'zodula, oweta atatu kapena anayi angasonkhe n'kugula chimodzi. Zofunika ndi za amoniya, nitrite, nitrate, pH, GH ndi KH (ziwiri zomalizazi tazifotokoza m'munsimu). Thanki yakhwima pamene, mukuponyamobe chakudya, amoniya ndi nitrite onse akuwerenga 0 kwa masiku 7 otsatizana uku nitrate akuoneka. Zikatero sinthani theka la madzi kuti nitrate atsike pansi pa mamiligalamu 20 pa lita.

Komabe musathamangire kukagula. Mukanakhala kuti mukuweta nsomba, zikanalowa pamenepa, koma shrimp imadya potola ndere yopyapyala yoterera imene imamera pa miyala, pa masamba ndi pa magalasi, ndipo thanki yomwe yangoyamba kumene kusefa poizoni imakhala isanamere ndere yokwanira. Dikirani masabata ena awiri. Ndere yabulauni ikayamba kuphimba magalasi, pukutani la kutsogolo lokha, la kumbuyo ndi a m'mbali musiye. Ponyanimo masamba ouma awiri kapena atatu a gwafa kapena a mabulosi, ochokera mumtengo wosapoperedwa, mutawawiritsa mphindi 5 kuti amire. Akamafewa amamera ndere imene ana a shrimp amadalira m'masiku awo oyamba.

Madzi a mu Blantyre si amodzi. Ambiri amapopedwa mu Shire ku Walker's Ferry, ena amachokera ku damu la Mudi, madera ena amalandira a mu Likhubula a ku phiri la Mulanje, ndiye palinso a pamjigo ndi a pachitsime. Zimene wayeza mnzanu wa ku Chilomoni sizingakuuzeni za mpopi wanu wa ku Bangwe kapena ku Machinjiri. Tungani madzi m'kapu, agone usiku wonse, kenako muyeze. Ma cherry amakhala bwino pa pH ya 6.5 mpaka 8, GH ya 6 mpaka 10 ndi KH ya 2 mpaka 8. GH ndi muyeso wa kashiamu ndi maginiziyamu, zimene shrimp imamangira chigoba chake, pomwe KH ndi imene imagwira pH kuti isamangokwera ndi kutsika. Madzi a Nyanja ya Malawi, komwe Shire amachokera, ndi a pH ya 8 kapena kuzungulira pamenepo, ndiye musadabwe mpopi wanu ukawerenga pamwamba pa 7. Muyenera kudziwa zimenezi chifukwa cha amoniya uja. Pa madigiri 25, pH ikakhala 7, gawo la amoniya lomwe limapha ndi pafupifupi 0.6 peresenti yokha, koma pH ikafika 8 gawolo limapitirira 5 peresenti. Chakudya chowola chimene wa madzi a pH yotsika angapulumuke nacho, inu chikupherani thanki yonse. Ngakhale zili choncho, musagule mankhwala otsitsa pH. Amatsitsa lero, mawa KH yabweza, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneko n'koipa kuposa pH ya 8 yokhazikika. GH ikapezeka pansi pa 4, ikani timiyala ta laimu m'kathumba pafupi ndi fyuluta, kuyambira supuni imodzi yaikulu pa malita 20, n'kumayeza sabata iliyonse. Ikaposa 14, monga zimachitikira pamijigo ina, sakanizani ndi madzi a mvula.

Klorini ndi amene amatiteteza ku kolera ndipo sitikumunyoza, koma amapha shrimp ndi mabakiteriya a m'siponji momwe amaphera tizilombo ta matenda. Madzi a pampopi akhale m'ndowa yosavundikira maola 24 mpaka 48, kapena muthiremo mankhwala ochotsa klorini motsata zolembedwa pabotolo. Seachem Prime, mwachitsanzo, ndi mililita imodzi pa malita 40. Ife timadalira mankhwalawa kuposa kungodikira, makamaka masiku amene fungo la klorini likumveka pampopi. Madzi amene mwathiramo WaterGuard kuti amwedwe asayandikire thanki. Madzi akabwera atasowa masiku angapo, oyambawo amakhala ndi dzimbiri ndi matope a m'mapaipi, ndiye thirirani maluwa kufikira ayere. Otentha a m'giza musawagwiritse ntchito ngakhale pofuna kufunditsa ozizira, chifukwa nthawi zambiri amadutsa m'mapaipi a kopa, ndipo kopa wochepa kwambiri amapha shrimp. Pa chifukwa chomwecho, mankhwala a nsomba ochiza timadontho toyera kapena ophera nkhono muziwerenga kaye ngati mulibe kopa. Madzi a mvula a padenga la malata amatenga zinki ndi fumbi. Ngati mukuwafuna, tcherani beseni lapulasitiki pabwalo, mvula zoyamba zitadutsa.

Pali mdani wina amene amapulula thanki yonse usiku umodzi, ndipo ali m'nyumba iliyonse: mankhwala a udzudzu ndi mphemvu. Ma shrimp ndi pachibale ndi tizilombo timeneti, ndipo mankhwala a gulu la pyrethroid amene ali mu Doom, m'makoyilo ofukiza ndi m'masikito amawapha ngakhale atachepa chotani. Kupopera kamodzi pabalaza n'kokwanira, chifukwa kapampu kaja kamakoka mpweya wa m'chipindamo n'kuulowetsa m'madzi. Ngati kupopera n'kosapeweka, thimitsani pampu, phimbani thanki ndi pepala lapulasitiki, muyalenso thaulo lonyowa pamwamba, ndipo muvundukule mazenera atakhala otsegula ola limodzi kapena awiri. Tikuchonderera makamaka pa za masikito. Musadule kachidutswa ka neti ya udzudzu kuti muphimbire thanki, mukulungire kukamwa kwa fyuluta kapena musokere kaukonde kovuulira. Neti zogawidwa kuchipatala zinapangidwa kuti mankhwala ake asamachoke ngakhale zichapidwe kambirimbiri. Chivundikiro chikhale chagalasi kapena chapulasitiki, ndipo chimathandizanso kuti udzudzu usaikire mazira m'thanki yopanda nsomba. Actellic wa m'matumba a chimanga, dipi wa agalu, mafuta odzola ndi sopo wotsalira m'manja zonse n'zoopsa. Ndowa ya thanki ikhale yakeyake, yolembedwa, yosachapiramo kapena kukolopera, ndipo aliyense wa pakhomo, ana ndi wothandiza ntchito yemwe, adziwe zimenezi. Chizindikiro cha poizoni wotere n'chakuti ma shrimp onse, aamuna ndi aakazi, amayamba kusambira mozungulirazungulira, kugwa chagada n'kumaphiriphitha. Musasokoneze ndi tsiku limene aamuna okha amathamangathamanga kusaka yaikazi yomwe yangofundula, poti pamenepo palibe wogwa chagada. Mukaona za poizoni sinthani theka la madzi nthawi yomweyo, bwerezani mawa lake, ndipo ikani activated carbon, makala apadera oyamwa poizoni, m'kathumba pamene madzi akuyenda.

Ogulitsa a mu Limbe ndi mu Blantyre, mbali yanu ndi yaikulu. Munthu akabwera koyamba mugulitseni thanki, siponji, pampu, zomera ndi mankhwala ochotsa klorini, mumufinyireko siponji yanu yakale m'kathumba, ndipo mumuuze abwere patatha masabata 6 ndi madzi a m'thanki yake m'kabotolo kuti muyeze iye akuona. Amene ma shrimp ake amufera sabata yoyamba sabweranso kudzagula kanthu.

Inu ogula, yambani ndi ma shrimp 10 mpaka 15, makamaka aang'ono a sentimita imodzi ndi theka, chifukwa amazolowera madzi atsopano kuposa akuluakulu. Oswedwa konkuno ndi abwino kuposa ongofika kumene kuchokera ku Johannesburg kapena kutali, poti anabadwira m'madzi oyandikana ndi anu. Yang'anani thanki ya wogulitsa. Ngati muli akufa, ngati ena mnofu wawo wayera m'kati, kapena pansi pa mimba pamera zinthu zobiriwira zanthambinthambi, musagule. Mukafika kunyumba musawakhuthulire m'thanki. Athireni pamodzi ndi madzi awo m'kabeseni koyera pansi pa thanki, tengani kapaipi ka mpweya, mangani mfundo yosalimbitsa pakati, yamwani kuti madzi a m'thanki ayambe kutsika, n'kumangitsa mfundoyo mpaka azidontha madontho 2 kapena 3 pa sekondi. Pakatha ola limodzi ndi theka kapena awiri, madzi a m'beseni atachuluka katatu kapena kanayi, avuuleni ndi kaukonde n'kuwaika m'thanki, madzi a m'beseniwo mutaye. Thupi la shrimp limasunga mchere wake molingana ndi madzi omwe ilimo, ndipo akasintha mwadzidzidzi imafooka n'kufa patapita masiku awiri kapena atatu, mwini wake osaganizanso za tsiku logula. Thumba likakhala kuti layenda masiku awiri kapena kuposa, m'madzi mwake muli amoniya wambiri amene amalusa thumbalo likangotsegulidwa, chifukwa pH imakwera. Donthezanimo dontho limodzi la mankhwala ochotsa klorini omwe amamanganso amoniya, ndipo ntchito yodonthezayi isapitirire mphindi 45. Tsiku loyamba nyale ikhale yothima ndipo musawapatse chakudya.

Imfa zambiri za mwezi woyamba zimachitika pofundula. Shrimp imakula potaya chigoba chakale, yaikulu pa masabata 3 mpaka 6 aliwonse, yaing'ono pafupipafupi. Mukaona chigoba choyera chopanda kanthu m'kati, chong'ambika pamsana, musadandaule ndipo musachichotse, anzake adya n'kubwezeretsa kashiamu. Yakufa thupi lake limakhala lodzaza ndipo limasanduka lapinki, ndipo imeneyo ichotsedwe msanga. Choopsa ndi mzere woyera wozungulira thupi kuseri kwa mutu. Pamenepo chigoba chaduka mozungulira m'malo mong'ambika pamwamba pokha, ndipo nthawi zambiri shrimp imakanika kutulukamo n'kufa. Zoyambitsa zake ndi GH yotsika kapena yokwera kwambiri, ndiponso kusintha madzi ambiri nthawi imodzi, komwe kumaikakamiza kufundula chigoba chatsopano chisanakonzeke. Choncho masabata awiri oyamba musasinthe madzi pokhapokha amoniya kapena nitrite ataoneka. Kenako pa thanki ya malita 40 muzisintha malita 4 mpaka 6 okha sabata iliyonse, ndi madzi amene agona m'chipinda chomwecho kuti kutentha kufanane, ndipo muziwalowetsa pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi kaja, osati kukhuthula ndowa. Siponji muziifinya kamodzi pamwezi m'madzi amene mwachotsa m'thanki, osati pampopi, poti klorini angaphe m'mphindi imodzi mabakiteriya amene mwawadikira miyezi iwiri.

Pa chakudya, kuolowa manja n'kumene kumapha. Ma shrimp 15 m'thanki yokhwima akhoza kukhala sabata osapatsidwa kanthu. Apatseni kawiri kapena katatu pa sabata, kambulu kamodzi ka chakudya chomira kosaposa njere ya mphodza, ndipo chimene sichinathe m'maola 2 kapena 3 chichotsedwe. Masamba a bonongwe, nkhwani kapena chammwamba owiritsa mphindi 2 amawakonda, koma akhale a m'dimba lanu losapopera, chifukwa a pamsika simungadziwe chomwe anathiridwa. Nsima, buledi ndi chilichonse cha mchere kapena mafuta ayi. Mukayamba kuona tinyongolotsi toyera taphanthi ta mutu wosongoka tikukwawa pagalasi, totchedwa planaria, ndiye kuti mukudyetsa mopitirira. Timavulaza ana ndi amene angofundula kumene. Lekani kudyetsa masiku 4 kapena 5, n'kumatiyamwa ndi kapaipi usiku mutaunikira tochi.

Kutentha koyenera ndi madigiri 20 mpaka 26. Kuzizira kwa June ndi July sikupha ma cherry m'nyumba, kumangochedwetsa kuswana. Koopsa ndi October ndi November, pomwe madzi a m'chipinda cha malata chopanda siling'i angadutse madigiri 29, mpweya wa m'madzi n'kuchepa. Mukaona onse aunjikana pamwamba pa siponji kapena m'mphepete mwa madzi, dziwani kuti akubanika. Tsegulani chivundikiro masana ndipo lozetsani kafani pamwamba pa madzi, kamatsitsa madigiri 2 kapena 3. Madzi oundana musaponyemo. Madzi amene auluka ndi kutentha amasiya mchere wake m'thanki, ndiye kubwezeretsa ndi a pampopi kapena a pamjigo kumakweza GH sabata ndi sabata. Bwezeretsani ndi a mvula oyera kapena a RO. Magetsi akathima, thanki ya ma shrimp ochepa ndi zomera imapirira maola angapo, bola musadyetse. Kapampu ka mpweya ka USB kolumikiza ku power bank kamadya moto wochepa kwambiri ndipo kangayende usiku wonse. Pa zida zonse zowonjezera, kameneka ndiko koyamba kugula mumzinda uno. Popanda iko, tungani madzi a m'thanki momwemo ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba pang'ono, mphindi zingapo ola lililonse.

Nsomba musaikemo poyamba. Mbuna zathu za kunyanja, zimene oweta a dziko lonse amazisirira, zimatha ma shrimp tsiku limodzi. Goldfish chimodzimodzi, ndipo ngakhale ma guppy amadya ana. Zinthu zikayenda bwino, pakatha mwezi umodzi kapena iwiri muona aakazi atanyamula mazira 20 mpaka 30 pansi pa mimba, akuwakupiza ndi timiyendo tawo. Amawanyamula masabata 3 kapena 4, ana amatuluka ali ofanana kale ndi makolo, ndipo pakatha miyezi itatu nawonso amayamba kuswa. Yaikazi ikataya mazira, fufuzani chimene chasintha m'madzi sabata imeneyo.

Akachuluka gawirani anzanu kapena bwezerani wogulitsa. Musatayire mu Mudi, m'damu kapena m'ngalande yopita kumtsinje, ndipo madzi amene mwachotsa posintha muzithirira maluwa mutayang'ana kuti mulibe ana. Tonse tikuona zimene namasupuni wachita mu Shire, ndipo anzathu a ku Zambia akulimbana ndi nkhanu za redclaw zochokera ku Australia zimene zinathawa m'maiwe n'kudzaza mu Kafue ndi m'nyanja ya Kariba. Ma cherry omwewa akhazikika kale m'mitsinje ya ku Japan ndi ku Hawaii, ngakhalenso m'madzi ofunda a ku Germany, ndiye kutentha kwa kuno sikungawaletse. M'madzi athu muli ma shrimp akeake a gulu la Caridina, amene angaphangiridwe chakudya ndi malo kapena kupatsiridwa matenda ndi obwerawa. Lamulo la za usodzi limafuna chilolezo cha boma munthu asanalowetse zamoyo zachilendo m'madzi a dziko lino, ndipo amene mukufuna kuitanitsa ma shrimp kunja yambani mwafunsa ku Dipatimenti ya za Usodzi.

Ife oweta nsomba ndi ma shrimp a m'mathanki,
Blantyre